Agogo anatsalira ku Burma: manda awo ndingawapeze bwanji?

Mdzukulu wa ku Chibavi

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, analowa Keyala (King's African Rifles, mwachidule KAR) pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuchokera cha ku Ekwendeni ndipo sanabwerere. Kumudzi amangoti anatsalira ku Burma. Tili ndi mendulo ziwiri zopanda dzina, ina yake yooneka ngati nyenyezi, ndi chithunzi chimodzi chofufutika. Mayi akula, ndipo akufuna kudziwa kumene bambo awo anagona. Ndiyambire pati? Ndikafunse ku Moyale Barracks konkuno ku Mzuzu, kapena ndilowere ku Zomba? Nanga manda a asilikali akuda ankalembedwa mayina?

Mphunzitsi wa mbiri, Katoto

Achimwene, musakwere basi kaye. Kwa amene anafa pa nkhondo yachiwiri, mwayi wopeza dzina ndi waukulu ndithu, ndipo ntchito yoyamba mutha kuigwira pa foni muli ku Chibavi komweko.

Chosaka choyamba ndi nambala yawo ya usilikali. Dzina limasocheretsa. Alembi a Keyala ankalemba momwe khutu lawo lamvera: Chirwa n'kukhala Chilwa, Nyirenda n'kukhala Nyerenda, Mkandawire n'kuthera ndi i. Nthawi zambiri mfunda sankaulemba n'komwe, ankangotenga dzina la munthu ndi la bambo wake. Enanso ankalembetsa ndi dzina lachilendo pothawa makolo kapena msonkho. Koma nambala inali imodzi kuyambira tsiku lolembedwa mpaka tsiku lomwalira. Ya asilikali ambiri olembedwa kuno pa nkhondo imeneyo imayamba ndi zilembo DN. Funkhani m'masutikesi akale, m'Baibulo la agogo aakazi, kuseri kwa chithunzicho, pa kalata iliyonse yochokera kwa DC.

Mendulo zisakudandaulitseni. Za nkhondo ya 1939 mpaka 1945 zinkaperekedwa zopanda dzina, pomwe za nkhondo yoyamba zili ndi dzina, nambala ndi gulu, zodindidwa m'mphepete kapena kumbuyo. Komabe nyenyeziyo iwerengeni kutsogolo. Ikalembedwa kuti The Burma Star, kansalu kake kofiira pakati ndi mizere yabuluu ndi yaolenji m'mbali, ndiye kuti ku Burma anafikadi. Ikakhala The Africa Star, ikunena za nkhondo yolimbana ndi Italy ku Somaliland ndi ku Ethiopia mu 1940 ndi 1941. Izi n'zofunika chifukwa m'midzi mwathu aliyense amene sanabwerere amati anafera ku Burma, chonsecho ena anagona ku Nairobi, ku Addis Ababa, ku Diego Suarez pa chilumba cha Madagascar, kapena ku Ceylon, komwe lero timati Sri Lanka, kumene asilikali athu ankaphunzira nkhondo ya m'nkhalango asanawolokere ku Burma.

Kenako tsegulani tsamba la Commonwealth War Graves Commission, cwgc.org. Kusaka n'kwaulere. Bungweli limasunga mayina a amene anafa pakati pa 4 August 1914 ndi 31 August 1921, komanso pakati pa 3 September 1939 ndi 31 December 1947. Ngati nambala ilipo, ilembeni yokha, mabokosi ena onse muwasiye opanda kanthu. Yesani ndi DN, muyesenso manambala okhaokha. Ngati palibe, lembani dzina lawo loyamba m'bokosi la mfunda. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi: amalemba mfunda, sapeza kanthu, n'kumati boma la atsamunda linawataya, pomwe munthuyo alimo koma pansi pa dzina lake laubatizo. Sinthanisinthani l ndi r, chotsani h, yesani dzina la bambo awo. Musadzaze mabokosi ambiri nthawi imodzi, chifukwa limodzi likalakwika zonse zimabisika.

Mukawapeza mudzaona udindo wawo, bataliyoni, tsiku lomwalira ndi malo. Pamalopo pali mitundu iwiri. Mukaona manambala ndi chilembo zosonyeza chigawo, mzere ndi manda, ndiye kuti manda enieni alipo, mwala uli ndi dzina. Ku Burma ambiri ali ku Taukkyan War Cemetery, kumpoto kwa Yangon. Mukaona mawu akuti Face ndi nambala, ndiye kuti dzina lili pa Rangoon Memorial, chipilala cha m'manda omwewo chokhala ndi mayina pafupifupi 27,000 a anthu amene manda awo sadziwika. Mawu akuti Column ndi a pa East Africa Memorial ku Nairobi. Mayi muwafotokozere kusiyana kumeneku mofatsa, asadzayembekezere mtumbira pomwe pali dzina lokha pa khoma.

Za ku Moyale Barracks, dzinalo ndi la nkhondo yomweyi, la tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali a 1 KAR analimbana ndi a Italy mu July 1940. Koma nthawi imeneyo Mzuzu kunalibe. Tauni ino inayamba ndi esiteti ya mitengo ya tung cha m'ma 1947. Depoti ya Keyala inali ku Zomba.

Mayi wa ku Luwinga

Aphunzitsi anena zoona, ine ndingowonjezerapo za kuno kumpoto. Musamangirire mtima pa Keyala pokha. Anyamata ophunzira ku Livingstonia, Ekwendeni, Embangweni ndi Bandawe ankafunidwa kwambiri ngati alembi, othandiza madokotala, oyendetsa malole ndi otumiza mauthenga, ndipo magulu amenewa anali ndi mayina awoawo, monga East African Army Service Corps ndi East African Army Medical Corps. Ena nkhondo inawapeza ali kutheba, ku migodi ya Copperbelt kapena ku Southern Rhodesia, n'kulowa Northern Rhodesia Regiment kapena Rhodesian African Rifles. Kumudzi onsewa amangotchedwa a Keyala. Ndiye mukasankha King's African Rifles m'bokosi la gulu, munthu wa malole mwamutsekera kunja nokha.

Mayina a maboma nawonso anasintha. M'mapepala akale Mzimba mungaipeze ngati Mombera, Nkhata Bay ngati West Nyasa kapena Chinteche, Karonga ngati North Nyasa, Chitipa ngati Fort Hill, Chilumba ngati Deep Bay.

Ndipo musanafike kutali, khalani pansi ndi okalamba a m'mudzimo, foni ikujambula mawu. Afunseni: anapita chaka cha chiyani, mwana uti anali kumsana, anapita ndi yani, anabwerako ndani, uthenga wamaliro unabwera ndi mesenjala wa boma kapena ndi mnzawo? Funso la anzawo ndi lamtengo wapatali. Anthu olembedwa tsiku limodzi ankalandira manambala oyandikana, choncho buku la usilikali la mnzawo amene anabwerako lingakupatseni poyambira. Pitaninso ku mpingo kwawo mukapemphe alembi a sesheni akuonetseni mabuku akale aubatizo ndi aukwati, kuti mupeze dzina lenileni limene ankalemba nalo.

Mdzukulu wa ku Chibavi

Yewo chomene, aphunzitsi ndi amama. Nyenyeziyo ndi The Burma Star. Nambala yapezeka kuseri kwa chithunzi, ya DN, ndipo dzina latuluka pa tsambalo pansi pa dzina lawo loyamba, mwezi wa October 1944. Tsopano ndingadziwe bwanji chimene chinachitika tsiku limenelo? Funso linanso: abambo awo a agogowa akuti anali a mtengatenga pa nkhondo ya Chiwaya, yoyamba ya dziko lonse. Amenewo n'kupezekanso?

Msilikali wopuma, Masasa

Mwana wanga, mwachita bwino. October 1944 ndi nthawi ya chigwa cha Kabaw. Gulu lalikulu la 11th East African Division linalowa m'chigwacho mu August, mvula ili pakati, likuthamangitsa asilikali a Japan amene ankabwerera atalephera ku Imphal ndi Kohima, ndipo linafika pa Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa December. Mabataliyoni a ku Nyasaland a 2, 13 ndi 22 anali m'menemo. A 1 KAR anali kwina, ndi 22nd East African Brigade, imene inapita ku Arakan pambuyo pake. Misewu inali matope okhaokha, chakudya chinkaponyedwa pa ndege, ndipo malungo, kamwazi ndi nthenda ya typhus zinagwetsa anthu ochuluka. Ndiye musafulumire kuuza mayi kuti anawomberedwa musanaone pepala.

Pepalalo ndi buku la tsiku ndi tsiku la bataliyoni, azungu amati war diary. Bataliyoni iliyonse inkalemba kumene ili, chimene yachita ndi anthu amene yataya. Mabukuwa ali ku The National Archives ku Kew, London. A ku Burma ndi Ceylon ali m'gulu la mafailo la WO 172, a ku East Africa ndi Ethiopia mu WO 169, a ku Madagascar mu WO 174, a nkhondo yoyamba mu WO 95. Mndandanda wake umatchedwa Discovery ndipo mutha kuufufuza pa intaneti kwaulere: lembani nambala ya bataliyoni, mawu akuti King's African Rifles ndi chaka. Kuti muone masamba enieniwo muyenera kulipira kuti akujambulireni, kapena kutuma wachibale amene ali ku UK akajambule ndi foni. Musapemphe chaka chonse, mtengo udzakuthawitsani. Pemphani mwezi umodzi pamodzi ndi mapepala omata kumapeto kwake. Ndikutero chifukwa m'kati mwa bukumo maofesala achizungu amatchulidwa mayina, koma athu amangowerengedwa, kuti aphedwa atatu, avulala asanu ndi awiri. Zimawawa kuwerenga. Mayina ndi manambala, akakhalapo, amapezeka m'mindandanda ya kumapetoko. Ngakhale dzina lisaoneke, mudzadziwa phiri kapena mudzi umene gulu lawo linali tsiku limenelo.

Bwererani pa tsamba la manda lija mutsike pansi. Kwa ambiri pali zithunzi za mapepala akale olembetsera manda. Limodzi limasonyeza kumene thupi linaikidwa poyamba lisanafukulidwe n'kupita ku manda aakulu, chifukwa Taukkyan anasonkhanitsirako mitembo kuchokera m'manda ena a m'dzikomo nkhondo itatha.

Mafailo a asilikali akuda, a munthu payekha, ankasungidwa kuno, sankapita ku Britain. Lembani kalata ku likulu la Malawi Defence Force ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe. Mutchule nambala, dzina monga lalembedwera pa tsambalo, bataliyoni, tsiku lomwalira, mudzi, mfumu ndi boma, ndi ubale wanu. Ikanimo fotokope ya chitupa chanu ndi kalata ya mfumu. Mendulo ndi chithunzi chenichenicho zisachoke m'nyumba, tumizani zojambula. Ku National Archives of Malawi ku Zomba mupiteko pomaliza, muli ndi zonsezi m'manja, mukafunse mafailo a boma la Mzimba okhudza kulemba asilikali, ndalama zotumizidwa kwa mabanja ndi katundu wa omwalira. Kuchoka kuno kukafika ku Zomba ndi tsiku lathunthu, ndipo mafailo sawerengeka tsiku limodzi, konzekerani kugona masiku atatu kapena anayi.

Za a mtengatenga, ndikuuzeni mosabisa kuti njira yake ndi yopapatiza. Nkhondo ya Chiwaya inafika kuno msanga: Ajeremani anaukira Karonga pa 9 September 1914, ndipo inapitirira mpaka mkulu wa asilikali awo, von Lettow-Vorbeck, atagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 November 1918. Katundu yense wa asilikali ankayenda pamitu ya anthu kuchoka kunyanja kukwera mapiri a ku Tanganyika. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino ananyamula katundu, ambiri mokakamizidwa kudzera mwa mafumu. Amene ankafa ndi njala, kamwazi, chibayo kapena chimfine cha 1918 ankaikidwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro. Bungwe la manda lija linavomera lokha mu lipoti la April 2021 kuti anthu osachepera 116,000, mwina mpaka 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Kuwonjezera apo, moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba mu 1919 n'kupsereza mapepala ambiri a zaka za m'mbuyo mwake.

Koma tsimikizani kaye ngati anali onyamula katundu kapena msilikali wamfuti. Akakhala msilikali, dzina lingapezeke pa nsanja ya chikumbutso cha Keyala ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, kapena m'makhadi a mendulo a WO 372 ku Kew. Ndiponso popeza anabereka agogo anu, werengani zaka: ngati agogowo anabadwa nkhondo itatha, ndiye kuti bambo awo anabwerako, ndipo manda awo ali kumudzi konkuno. Pamenepo wofunsa ndi a mfumu, osati London.

Mphunzitsi wa mbiri, Katoto

Mawu amodzi pa zimene mayi angafunse akamva, chifukwa makolo athu amafunsa ndithu: mafupa sangabwere. Lamulo la bungwe la mandali kuyambira nkhondo yoyamba ndi lakuti msilikali amagona m'dziko limene anafera, mkulu ndi wamng'ono mwala wofanana. Ulendo wa ku Burma, komwe lero timati Myanmar, nawo si wabwino panopa, kuli nkhondo yapachiweniweni chiyambire 2021. Chimene mungachite ndi kutsitsa satifiketi yachikumbutso pa tsamba lomwelo, ndi yaulere, muisindikize m'tauni muno. Chithunzi cha mwala kapena cha khoma pemphani kwa The War Graves Photographic Project, potchula nambala ya manda ndendende monga yalembedwera. Ngati banja lidzamange chiliza kumudzi, lembanipo mayina onse awiri, lakumudzi ndi la ku Keyala, pamodzi ndi nambala, bataliyoni ndi tsiku. Dzina likakhala kuti linalembedwa molakwika kwambiri, bungwelo limalandira pempho lokonza, koma limafuna umboni wolembedwa, ndiye buku laubatizo limene anena amayi a ku Luwinga mulijambule tsamba lonse ndi chikuto chake.