Ndili pa Wynberg, sitima ya ku Fish Hoek ndiidikire mbali iti?

Watsopano: Abale thandizeni msanga. Ndili pa siteshoni ya sitima ya Wynberg kuno ku Cape Town, ntchito ndikuyamba lero 8 koloko ku Fish Hoek. Ndiime mbali iti? Chimkuzamawu chikulankhula koma sindikutolapo kanthu.

Wamatailosi: Chimenecho ngakhale eni dziko sachimva kkkk

Amalume: Tikiti wagula? Uzigula ya pamwezi. Ya tsiku ndi tsiku imadya ndalama ngati chiswe.

Make mapasa: Amalume, mwana wafunsa mbali, inu mwayamba za tikiti.

Amalume: Ine ndinayamba kukwera sitima zimenezi zatsopano zabuluuzi kulibe, nthawi ya zakale zachikasu zija, anyamata akulendewera pazitseko. Mundiuza chiyani?

Wamatailosi: Nanga tsiku lija munagona mpaka kukadzukira ku Simon's Town kothera njanji?

Amalume: Kunali kutopa, iwe.

Wamugaladeni: Achemwali, onani kumene kwaunjikana anthu ambiri, amenewo m'mawa uno akupita m'tauni. Inu pitani mbali inayo, koma osadula panjanji. Mukakwera, siteshoni yotsatira ikakhala Wittebome muli bwino. Ikakhala Kenilworth tsikani, mwalowera m'tauni.

Wapenti: Zabuluuzo muchenjere nazo, makamera ake amazindikira munthu wopanda mapepala, amakakutsitsira pa siteshoni ya Retreat.

Make mapasa: Bodza! Ine ndimadutsa pa Retreat tsiku lililonse, amafunsa tikiti basi.

Wapenti: Anandiuza ndi munthu wodalirika.

Amalume: Atsopanonu vuto lanu ndi limeneli, kufunsa tsiku lomwelo. Bwanji osapita dzulo kukaona njira? Ndipo foni ibwerere m'chikwama, papulatifomu si poimbirapo.

Wamatailosi: Akabisa foni awerenga bwanji malangizo anuwo?

Make mapasa: Mukapeza bogi imene akupemphera, lowani momwemo. Amayi akuimba, wina akuomba khoma ngati ng'oma, wogulitsa maswiti akudzipanikiza pakati. Chilankhulo sindichimva koma tsiku lina misozi inangotsika, ndinakumbuka mawu a mayi anga. Zaka zitatu osawaona abale.

Wapenti: Musatiyambitse, kudakali m'mawa.

Wamugaladeni: Ndiye mukhale kumanzere. Kuchokera pa Muizenberg njanji imatsata gombe, St James, Kalk Bay, kenako Fish Hoek. Mafunde amachita kufika pafupi ndi sitima.

Watsopano: Pepani mameseji anachuluka, sindinawerenge onse. Ndakwera imene anakwera anthu ambiri. Taima pena pake, palembedwa Kenilworth.

Wamatailosi: Amalume, tikiti ya pamwezi ija ithandiza apa?