Economics, Law kapena Psychology? Ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima

Yaro wa ku Ntcheu:

Moni nonse. Mundipirire ndilemba zambirimbiri chifukwa nkhaniyi ikundisowetsa tulo ndipo kunyumba ndilibe womuuza.

Ine ndinakhoza MSCE ndi mapointi 14, pa fomu ya NCHE yosankhira ophunzira ku ma yunivesite a boma ndinaika Social Science ya ku UNIMA ku Zomba ngati choyisi chachitatu, ziwiri zoyambazo sanandione nde ndinangopita komwe anandiponyako. Chaka choyamba ndamaliza, ndimatenga Economics, Psychology, Sociology ndi Demography, pano ndikuyenera kuyamba kutayapo ena ndikudziwa phunziro lomwe ndidzapange major, lalikulu la digiri yanga. Apa nde pagona vuto.

Bambo anga amalima kachewere ku Tsangano, iwo akuti Economics basi, anamva kuti anthu a ku Reserve Bank amaphunzira zimenezo ndipo akamauza anzawo ku tchalitchi amati mwana wanga akuphunzira za chuma. Malume anga, omwe amandilipirira lendi komanso kundiponyera ya ndiwo pa Airtel Money mwezi ukatha, akuti ndikalembe mayeso olowera ku Law chifukwa kumtundu kwathu kulibe loya. Koma ineyo kunena zoona kalasi yomwe ndimaidikira ndi ya Psychology, buku lake ndimawerenga ngakhale machaputala oti sadzabwera pa mayeso, pomwe masamu a mu Economics ndinachita kulemba sup, mayeso obwereza ukalephera aja, ndipo ndinadutsira pa mzere penipeni. Anzanga onse akuti Psychology ilibe ntchito ku Malawi kuno ndidzangokhala pakhomo ndi digiri mu sutikesi. Loni ya boma nayo ndinatenga, idzafunika kubweza.

Amene munadutsamo, munasankha bwanji? Ndimvere akuluakulu kapena mtima wanga?

Kondwani wa Ndirande:

Aise usadzivute, tenga Economics. Mtima sugula ufa. Masamu amazoloweleka, peza gulu la anzako okhoza uzikhala nawo ku laibulale, ukamaliza uwonjezere ka pepala ka za akawunti ka ICAM kapena ACCA nde ma bank, MRA, ma kampani a inshuwalansi onse akulandira. Psychology udzaiwerenga madzulo ukaweruka.

Achimwene a ku Area 25:

Mng'ono wanga, zomwe wanena Kondwani zili ndi nzeru yake koma ndikuuze za ine chifukwa njira imeneyo ndinaiponda.

Ndinatenga Economics pa chifukwa chonga cha bambo akocho, dzina lake limamveka bwino kumudzi. Chaka chachiwiri zinali bwinobwino, koma titafika ku Econometrics nde ndinadziwa kuti ndalowa m'madzi oposa msinkhu wanga. Si kuti ndi masamu ongowerengetsa ayi, pamafunika calculus, ma matrix, probability, zonse pamodzi kenako uzimasulire mu Chingerezi chomveka. Ndimakumbukira usiku wina magetsi atazima ndili ndi kandulo pa tebulo, pepala lomwelo ndalibwereza katatu yankho likutuluka losiyana nthawi zonse, mesho wanga, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, yemwe amazikonda zimenezi anangoyang'ana kamodzi nkundilozera pomwe ndalakwitsa, iye akumwetulira ngati akusewera bawo. Ndinabwereza kosi imeneyo ndipo digiri yanga inatuluka ndi pass wamba.

Tsono chomwe anthu sakuuza ndi ichi, ntchito zimene bambo ako akulotazo zilipodi koma malo ndi ochepa ndipo amayamba kuyang'ana a distinction ndi credit, komanso chaka chilichonse ma yunivesite a boma ndi a private akutulutsa anthu ambiri a Economics omwewo. Ukatuluka ndi pass yokokera ukupikisana ndi anthu ngati mesho wanga uja. Ine ndinakhala zaka ziwiri ndikuponya makalata, pano ndili ku sales ya kampani ina ndipo ndikuthokoza Mulungu, koma palibe tsiku lomwe ndinagwiritsapo ntchito regression.

Sindikuti Economics ndi yoipa, kwa munthu woti masamu amamukoma ndi golide. Koma sup ya chaka choyamba usaitenge mopepuka. Dzifunse moona mtima kuti unalephera chifukwa sunawerenge, unali kudwala, unalibe chakudya, kapena unawerenga ndithu koma sizimalowa? Ngati ndi chomalizachi kutsogoloku kuli phiri loposa pamenepo. Pita ukapemphe ma past paper a chaka chachitatu a ma kosi onse atatu, ukhale nawo pansi Loweruka limodzi. Sudzatha kuyankha, sicholinga chake, koma udzamva wekha kuti ndi pepala liti lomwe ukufuna utadziwa mayankho ake ndi liti lomwe likungokuumitsa pakhosi.

Nachisale M&E:

Mchimwene, ine ndikufuna ndiyankhe pa mawu aja oti Psychology ilibe ntchito, chifukwa mwa theka ndi zoona mwa theka ndi bodza ndipo ndi bwino udziwe theka lililonse.

Zoona zake nzoti digiri yoyamba ya Psychology payokha siikupanga kukhala munthu woona odwala ku chipatala. Kuti udzatchedwe clinical psychologist pafunika masters, ndipo ambiri amakaitengera kunja, nde ngati maloto ako ali kumeneko uwerengeretu zaka zina pamwamba ndi kusaka scholarship, zomwenso zimafuna magiredi abwino. Malo ngati Zomba Mental Hospital kapena St John of God ku Mzuzu alipo ndipo vuto la matenda a maganizo ndi anthu kudzipha tonse tikuliona m'madera mwathu, kufunika kwa anthu otere kulipo kwambiri, kungoti kufunika ndi kulembedwa ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Bodza lake nloti ukatenga Psychology kwako kwatha. Tatenga Nation kapena Daily Times ya masiku angapo uwerenge ma vacancy mmodzimmodzi, usamangoona mutu wake, uwerenge pomwe alemba zoyenereza. Uona kuti ntchito zambiri za ma project, za HR, za social welfare, za child protection amalemba kuti digiri ya Social Science kapena yofanana nayo, kenako mzere wotsatira nde umene umadula anthu, zaka ziwiri za experience, kudziwa mapulogalamu a data ngati Excel, SPSS kapena Stata, kulemba lipoti. Pamenepo sakufunsa kuti major yako inali chani.

Ine ndinapanga Sociology, minor Demography, ndipo anthu amandiseka chimodzimodzi. Chomwe chinanditsegulira khomo ndi holide ina pomwe ndinapita kukagwira ganyu ya enumerator, wofunsa anthu mafunso, pa kafukufuku wina kumidzi ya ku Machinga, tabuleti m'manja, kuyenda wapansi khomo ndi khomo dzuwa lili pamutu, kufunsa amayi kuti sabata yathayi mwadya kangati. Madzulo anzanga akapita kokacheza ine ndimakhala ndi supavaiza kumuona mmene akutsukira data, nkumamufunsa kuti apa mwachotseranji apa mwasiyiranji. Ulendo wotsatira anandiitana yekha. Pomaliza sukulu ndinali ndi ma survey anayi pa CV ndipo KoboCollect, pulogalamu yolembera mayankho pa tabuleti, ndimaidziwa ngati foni yanga. NSO, ofesi ya boma ya kalembera ndi kafukufuku, ili ku Zomba komweko, kalembera wa 2018 analemba achinyamata ambirimbiri, ma survey ena amabwerabwera, uzitchera khutu.

Nde malangizo anga, ngati Psychology ndi yomwe imakudzutsa m'mawa itenge, koma Demography usaitaye ngakhale ili ndi manambala, manambala ake ndi ofatsa kuyerekeza ndi a Econometrics ndipo Psychology yomweyo ili ndi statistics, suzithawa. Munthu wodziwa kumvetsera anthu komanso wodziwa kuwerenga tebulo la data ndi wosowa.

Chenjezo limodzi lokha, usadalire ma NGO okha ngati mmene ife tinkachitira. Kuyambira January 2025 pomwe America inaimitsa thandizo lodzera ku USAID ndaona anzanga a zaka khumi pa ntchito akulongedza katundu m'maofesi, ena mpaka pano ali pakhomo. Zimenezi sizinasankhe kuti uyu ndi wa Economics uyu ndi wa Sociology.

Mphunzitsi wa ku Dedza:

Mwana wanga, ine ndaphunzitsa ku sekondale zaka zoposa makumi awiri ndipo ana ngati iwe ndawaona ambiri akubwera pa holide nkhope zili zakugwa. Anzakowa akuuza za ntchito, ine ndilankhule za akuluakulu ako, chifukwa ndikuona kuti chomwe chikukulemera kwenikweni ndi iwowo.

Bambo ako sakudziwa kuti Econometrics ndi chiyani, ndipo sakukakamira dzina la kosi. Munthu amene wakhala akunyamula matumba a kachewere kupita nawo pamsewu, mavenda nkumamuuza mtengo womwe iwo afuna, akufuna mwana wake asadzavutike chimodzimodzi, basi. Mawu oti Economics ndi omwe iwo apeza oti anenere zimenezo. Ukapita kukawauza kuti ndikutsata mtima wanga adzamva ngati ukuseweretsa thukuta lawo. Koma ukapita ndi pepala la magiredi, nkuwaonetsa kuti apa ndinakhoza bwino apa ndinatsala pang'ono kuchotsedwa sukulu, ndipo anthu omwe anatenga njira iyi akugwira ntchito zakutizakuti, adzakumvera. Makolo amaopa kuwidedwa, kuchotsedwa sukulu kuja, kuposa china chilichonse. Usawauze pa foni, ndipo usawauze pa gulu, dikira mukhale awiri kumunda kapena pakhonde madzulo.

Za Law usazikane msanga chifukwa choti wanena ndi malume. Ku UNIMA anthu salowa Law kuchokera ku Form 4 mwachindunji, amatenga amene ayamba kale maphunziro a digiri ndipo pamakhala mpikisano woopsa, ukalowa ndi zaka zinayi zina, kutanthauza kuti chaka wapanga kalechi chikhala chowonjezera, fizi ndi lendi zikuwerengabe. Malume ako akudziwa zimenezi? Afunse mwaulemu ngati ali okonzeka kukunyamula zaka zonsezo. Ndipo iweyo kakhale tsiku limodzi pa bwalo la majisitireti, khomo ndi lotsegula kwa aliyense, ukamvetsere milandu ya mbuzi, ya malire a munda, ya ngongole, kuyambira m'mawa mpaka masana. Ukatuluka uli ndi mafunso ambiri m'mutu nde kuti mwina malume aona chinachake mwa iwe. Ukatuluka ukuyasamula wadziwa. Kulemba mayeso olowerawo sikukuchotsera malo omwe uli nawo, ungathe kuyesa, koma usayese pongofuna kusangalatsa munthu, mapanga awiri avumbwitsa.

Chinanso, ma lekichala ako ali ndi maofesi ndipo ana ambiri amaopa kugogoda. Pita kwa mkulu wa dipatimenti ya Psychology ukafunse kuti omwe anamaliza zaka zisanu zapitazi ali kuti, kenako ukafunse chimodzimodzi ku Economics. Ufunsenso malamulo ake enieni a major ndi minor, ndi magiredi omwe amafuna, usadalire zomva kwa ma conti, anzako a zaka zapamwamba aja, chifukwa zinthu zimasintha. Safunsa anadya phula.

Kondwani wa Ndirande:

Aphunzitsi ndakumvani ndipo sindikutsutsa, koma tisamubisire mwanayu kuti kunja kuno kwauma. Ine ndili ndi anzanga awiri a Psychology, mmodzi akuphunzitsa pa private ina malipiro ake osakwana ndi lendi yomwe, wina analowa internship ya boma ija ikatha anabwerera kwa makolo. Kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023, zinthu sizinabwererenso, loni ikudikira. Ngati atenge Psychology atenge maso ali otsegula ndipo ayambe lero kuphunzira ka luso kena kapambali.

Achimwene a ku Area 25:

Kondwani, a Economics okhala pakhomo nanenso ndingakuwerengere mpaka zala kutha. Koma pa luso lapambalipo tagwirizana.

Yaro wa ku Ntcheu:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kangapo konse. Achimwene a ku 25 funso lanu lija landibaya, chifukwa kunena chilungamo masamu aja ndinawerenga, ndinkadzuka 4 koloko kupita kukalasi kusanache, ndipo sizinkalowabe. Ma past paper ndawapeza dzulo kwa conti wina wa chaka chachinayi, la Econometrics ndinangoona tsamba loyamba mtima nkuyamba kugunda, la Abnormal Psychology ndinapezeka ndatha ola lonse ndikusaka mayankho pa foni mpaka bandulo kutha.

Achemwali a Nachisale, Demography ndiisunga, ndipo ngati mungandiuze komwe munayambira kuphunzira Kobo ndi SPSS ndingayamikire, laputopu ndilibe koma ku lab ya sukulu makompyuta alipo. Ku dipatimenti ndipita Lolemba.

Bambo ndikuona kuti ndingathe kulankhula nawo mmene mwanenera aphunzitsi, sabata yamawa tikukumba kachewere ndikhala nawo kumunda masiku atatu. Amene ndikuopabe ndi malume, iwo sachedwa kupsa mtima ndipo lendi ya semesita ikubwerayi sanatumize. Ndiyambe ndauza mayi kuti akawafikire ngati mlongo wawo, kapena zimenezo zidzaoneka ngati ndawazembera?

Mphunzitsi wa ku Dedza:

Auze mayi ako kaye kuti adziwe, koma kwa malume upite wekha, iwo angokuperekeza. Unyamule ka thumba ka kachewere ndi pepala la magiredi, ndipo ku khoti kuja ukhale utapitako kale kuti akakufunsa za Law uyankhe zomwe waona ndi maso ako.