Ma log a firewall za ku Dwangwa ndi ku Chipoka: vuto lija lapezeka

Funso lija linali loti VPN ya IPsec (njira yotetezedwa yolumikiza maofesi kudzera pa intaneti, yomwe imatchedwanso tunnel) yalumikizana bwinobwino, makompyuta a ku Dwangwa ndi ku Chipoka akufika pa seva ya ku Salima, koma ma log (kaundula wa zochitika) a firewall (chipangizo choteteza netiweki) sakufika. Vutoli lili pawiri.

Gwero lenileni ndi adiresi yotumizira. Uthenga wa syslog, womwe umanyamula ma log, umayambira mu firewall momwemo, ndiye umatuluka ndi IP ya WAN (adiresi ya mbali ya intaneti). Adiresi imeneyi mulibe mu Phase 2 (gawo la IPsec lotchula maadiresi ololedwa kudutsa mu tunnel), choncho uthengawo sulowa mu tunnel, umangotayikira panja. Uzani firewall kuti izigwiritsa ntchito adiresi ya LAN (netiweki ya mkati mwa ofesi), monga 10.20.1.1. Pa firewall ya FortiGate lembani set source-ip pansi pa config log syslogd setting; pa firewall ya pfSense sankhani LAN pa Source Address. Kenako pa seva yendetsani tcpdump -ni any port 514 muone ngati mapaketi ayamba kulowa.

China ndi UDP 514, njira yomwe syslog imatumizira uthenga popanda kutsimikiza kuti wafika. Netiweki ikamadukaduka nthawi ya mvula, zotayika sizitumizidwanso, ndipo n'zopweteka chifukwa mphindi zimenezo ndi zomwe mudzazifune tsiku lofufuza. Ikani kakompyuta ka Linux mu ofesi iliyonse, pa UPS (batire yosunga magetsi) imodzi ndi firewall, kazilandira ma log ndi pulogalamu ya rsyslog n'kumawatumiza ku Salima kudzera pa RELP, njira yomwe imatsimikiza kuti uthenga wafika. Mu rsyslog muikemo queue.type="LinkedList", queue.filename, queue.maxDiskSpace="1g", queue.saveOnShutdown="on" ndi action.resumeRetryCount="-1" kuti azidikirira pa disk mpaka tunnel ibwerere.

Onaninso NTP (njira yofananitsira mawotchi a makina) ndi nthawi. Kuno tili pa UTC+2, kutanthauza kuti tili patsogolo ndi maola 2 pa nthawi ya dziko lonse ya UTC. Firewall imodzi ikasiyidwa pa UTC, ma log ake azitsalira m'mbuyo ndi maola 2.