Mwana wanga amadziwa mtengo wa Haaland koma Kinnah Phiri sakumudziwa, ndithandizeni nzeru

Membala wobisa dzina

Moni nonse a pagulu pano. A admin chonde mundibisire dzina, mayi a kunyumba ali momwe muno ndipo nkhaniyi tinakanganapo kale.

Ndine bambo wa zaka 49, ndimakhala ku Chilomoni. Mpira ndinayamba kuonera ndili ndi zaka 9, malemu bambo anga akunditenga Loweruka kupita ku Kamuzu Stadium. Tinkayenda wapansi kuchokera ku Ndirande, iwo atapanira kawayilesi ka mabatire m'khwapa, ine nditanyamula nzimbe. Mpira ukuseweredwa pamaso pawo koma khutu lili pa wayilesi, ati amafuna amve ngati wolengezayo akuona zomwe iwo akuona. Timu yawo inali Bata Bullets, ndipo ine sindinasankhe, ndinangobadwiramo. Lawrence Waya akagwira mpira mbali yathu yonse inkaimirira. Pobwerera mawu amakhala atasasa, nsima tinkadya mwakachetechete ngati tagonja, ngati tapambana oyandikana nawo a Manoma sankagona.

Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 14, ali Fomu 2. Mpira amaukonda zedi, koma wake ndi Manchester City. Amadziwa osewera onse, yemwe wavulala, ndalama zomwe aliyense anagulidwira. Mwezi watha tikudya ndinatchula Kinnah Phiri, iye n'kundifunsa kuti, "Adadi, ameneyo amasewera timu yanji?" Mbamu inandigwa m'manja. Munthu amene anagoletsa zigoli 71 mu Flames, yemwenso anali kochi tsiku lomwe tinaswa Algeria 3-0 ku Angola mu 2010!

Ndinati wolakwa ndine, ndiye ndinamutenga kukaonera gemu ya ligi yathu. Ndinalipira pageti, ndinamugulira kanyenya. Hafu yonse yoyamba maso ali pafoni, akutsatira zigoli za ku England. Titagoletsa ndinadumpha, n'kutembenuka kuti ndimukumbatire, ndinapeza akufunsa mnyamata wa pambali pake ngati netiweki ikugwira. Ndinakhala pansi mwamanyazi.

Chachiwiri ndi chomwe chikundisowetsa tulo. Mayi ake pochapa anapeza timapepala ta kubetcha m'thumba la yunifomu. Ndi ndalama zochepa, K200, K500, koma ndi zomwe timamupatsa kuti adye kusukulu. Akuti anzake onse a ku vidiyo amatero, pali mkulu wina amene amamutuma kukawabetchera.

Inenso mpira wa masiku ano wandituluka mumtima. Neymar kugulidwa ndi ma euro 222 miliyoni mu 2017, matimu kugulidwa ndi mayiko a mafuta, chigoli chikalowa tiyambe tadikira VAR, oimbira oonanso pa kanema aja, tisanakuwe. Ndimaona ngati ndili pamsika wa ng'ombe.

Ndiye ndimuletse kupita ku vidiyo? Mayi ake akuti za timu ndimusiye, ndilimbane ndi kubetcha kokha. Alipo amene anakwanitsa kumukondetsa mwana mpira wa konkuno? Kapena ndangokalamba?

Noma wa ku Bangwe

Achimwene, mwanayo ndi wanzeru. Mwamutengera ku gemu ya Maule, mumati aone chiyani? Mubwere naye kwathu ku Lali Lubani, foniyo aiwala yekha.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba

Bambo, ine ndine wamkulu kwa inu, Kinnah ndinamuonera ndi maso angawa akusewera, ndiye mundilole ndikutsutseni pang'ono. Mukulankhula ngati kale mpira unalibe makampani. Nanga Bata inali chiyani, mpingo? Inali kampani ya nsapato. Wanderers inatchedwapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL. Kunali Admarc Tigers, MDC United, Hardware Stars, Sucoma ku Nchalo, Silver Strikers ya Reserve Bank. Ngakhale chikho china tinkachitcha Chibuku Cup osachita nacho manyazi.

Chomwe chinasintha ndi ichi. Nthawi imeneyo kampani inkamulemba ntchito wosewera. M'mawa ali ku ofesi kapena ku fakitale, masana ku training. Ndiye tinkakwera naye basi imodzi, kukumana naye pamaliro, kutchalitchi. Akaphonya penate Loweruka, Lolemba ankayankha mlandu kwa aliyense wokumana naye panjira. Anali wathu chifukwa tinkadziwa kwawo. Haaland wa Cityyo mwana wanuyo sadzakumana naye pamaliro.

Koma tisadzinamize. Ambiri mwa anyamata amene ankatisangalatsa aja anakalamba opanda kanthu. Ife tinkapita kwathu tikuimba, iwo malipiro awo aakulu anali kuwomberedwa m'manja. Makampani aja atayamba kugwa ndi kugulitsidwa, matimu ena anafera pomwepo. MDC United ili kuti lero? Ine ndikamva kuti mnyamata wathu wasaina kunja ndipo wamangira mayi ake nyumba, sindidandaula ayi. Chikho cha East and Central tinatenga mu 1978, 1979 ndi 1988, zoonadi, koma kafunseni kuti amene anatibweretsera zikhozo anapuma ndi chiyani.

Komanso mundikhululukire, ndawerenga zomwe mwalembazi kawiri. Za mpira weniweniwo mwalemba mzere umodzi wa Waya. Zina zonse ndi wayilesi, nzimbe, kuyenda wapansi ndi bambo anu.

Membala wobisa dzina

Aphunzitsi, mwandigwira pakamwa. Kawayilesi kaja ndikadali nako m'sutikesi, sikagwiranso ntchito koma ndimakanika kukataya.

Mayi wa ku Area 25

Ine za Bullets ndi City sizikundikhudza, mkazi wanu akunena zoona. Mwasakaniza nkhani ziwiri, ina ndi ya mtima wanu, ina ndi ya moyo wa mwana. Mukazimanga mtolo umodzi, mwana aganiza kuti mukumulanga chifukwa sakonda timu yanu, ndipo timapepalato ayamba kutaya m'chimbudzi asanafike pakhomo.

Wanga anayamba chimodzimodzi ali Fomu 3. Kukalipa sikunathandize. Chinathandiza n'chakuti tinatola timapepala tonse, n'kumupatsa cholembera kuti awonkhetse yekha zomwe anaika ndi zomwe anawina. Ana amenewa amakonda kuika magemu ambiri pa tikiti imodzi kuti K200 ibale zikwi zambiri. Muwerenge naye motere: ngati gemu iliyonse mwayi wolosera bwino uli theka, magemu awiri ndi kamodzi pa 4, atatu ndi kamodzi pa 8, akafika khumi ndi kamodzi pa 1,024. N'chifukwa chake nthawi zonse amalira kuti "yandiphera ndi timu imodzi". Siinamuphere timu imodzi, malondawo anawakonza choncho.

Ndalama ya m'manja muyambe mwaimitsa, azinyamula chakudya kunyumba. Ndipo mkulu amene akutumidwayo mumupeze. Malamulo salola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, ndipo iyeyo akudziwa, n'chifukwa chake akuimirira pakati. Mupite ndi makolo a anzakewo, musapite nokha.

Kabaza wa ku Mchesi

Chikwapu basi. Ife tinakula choncho.

Mayi wa ku Area 25

Ndiye chikwapu chiphunzitsa mwana kuwerengera 1,024?

Mlongo wanu wa ku Leeds

Achimwene, kudandaula kwanuku n'komwenso ndimamva kuno kwa madala achizungu amene ndimawasamalira. Akuti mpira unatha mu 1992 pomwe Premier League inayamba ndi ndalama za pa TV. Mu February 2016 masapota a Liverpool anatuluka mu Anfield pa mphindi ya 77 pokana tikiti ya £77, ndipo eni timu anabweza ganizolo. Mu April 2021 matimu 12 olemera analengeza Super League yawoyawo yoti iwo sangatulukemo, masapota anadzaza m'misewu, sabata isanathe nkhani inali itafa. Ena a Manchester United anachita kuyambitsa timu yawo, FC United of Manchester, mu 2005 banja la Glazer litagula kalabu ija ndi ngongole.

Chomwe anthu kumudzi sakhulupirira ndikawauza: magemu a Loweruka 3 koloko masana kuno saonetsedwa pa TV. Lamulo limeneli analiika kuti anthu azipitabe kumabwalo, makamaka a matimu ang'onoang'ono. Ndiye mwana wanu pa benchi ya ku vidiyo ku Chilomoni amaonera magemu ena amene ine ndili konkuno sindingawaone. Ine tikiti ya Premier League sindingaikwanitse kawirikawiri, ndimapita ku katimu ka m'dera lathu. Anthu ochepa, tiyi wa m'kapu ya pepala, goloboyi amamva ukamukuwiza. Mwana wanga poyamba ankakana, pano amandikumbutsa yekha, chifukwa wosewera wina anamupatsa moni pomutchula dzina.

Upangiri wanga: gemu yaikulu yokha siikwanira. Mumutenge ku training, kapena ku gemu ya achinyamata komwe angaime pafupi ndi mzere.

Mnyamata wa zaka 22, Mzuzu

Madala, tikupempha musamatinene ngati tinachita kusankha. Inu Bullets anakupatsani ndi bambo anu, ife anatipatsa ndi dikoda. Ndikukula, ku vidiyo kunkakhala Premier League Loweruka ndi Lamlungu, Champions League mkati mwa sabata, chithunzi choyera, chigoli kuchibwereza kanayi. Za Kinnah timangomva pakamwa, makanema ake ali kuti?

Koma sizoona kuti sitikonda zathu. Mu January 2022 Gabadinho atamenya chija cha patali kwa Morocco ku Cameroon, ku vidiyo kwathu benchi inathyoka, a Arsenal ndi a Chelsea kukumbatirana. Tinaluza 2-1 koma palibe anadandaula ndalama yake. Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ndi Kansas City Current, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Muyambire pamenepo, pa anthu amene iye angawaone pafoni yakeyo, kenako muzibwerera naye m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka mukafike kwa Kinnah.

Ndipo funso langa, mwaulemu: inu munamutengera ku bwalo lanu. Munayamba mwapitapo ku bwalo lake?

Membala wobisa dzina

Ndabweranso, papita sabata ziwiri. Zikomo nonse, ngakhale inu a ku Bangwe.

Za kubetcha tinachita monga ananenera mayi a ku Area 25. Timapepala tomwe tinapeza tinakwana K7,400, anawinapo kamodzi K1,100. Anawonkhetsa kawiri poganiza kuti walakwitsa. Pano akunyamula mbatata ndi mazira, ndipo akuti anzake akumuseka, koma aseke. Mkulu uja tinamupeza ndi makolo ena atatu, anakana zonse, koma ku vidiyoko sakuonekanso.

Loweruka ndinapita naye ku vidiyo. Ndinakhala pa benchi yothina, kutentha, fungo la jenereta, ana akundiyang'ana ngati ndabwera kudzagwira munthu. City itayamba kusewera mwana uja anayamba kundilongosolera chifukwa chake wa kumbuyo akulowa pakati timu ikakhala ndi mpira, akujambula ndi chala pa bondo langa. Sindinadziwe kuti amauona mpira chonchi. Anayankhula nane m'mphindi 90 zimenezo kuposa mwezi wonse wathawu. VAR ndiye sindinasinthe maganizo, inakana chigoli chabwinobwino.

Madzulo ndinatulutsa kawayilesi ka agogo ake. Anakatembenuzatembenuza, n'kufunsa kuti tchaja chake chimalowa pati. Kenako anafunsa kuti agogo ankakhala mbali iti ya bwalo, ndipo tinacheza mpaka mayi ake anatithamangitsa kuti tikagone.

Za kusapota Bullets sanalonjeze. Wavomera kupita nane ku Blantyre derby, foni aisiya kunyumba, koma akuti avala jezi yake ya City. Tsono jeziyo ndi ya buluu, mtundu wa Manoma, ndipo ine ndimakhala pakati pa Maule ofiira okhaokha. Pamenepa ndiye nditani?

Noma wa ku Bangwe

Buluu ndi buluu, achimwene. Mungotipatsa pageti, tidzakubwezerani gemu ikatha.