Nkhani ya nyanja: andale tiwatsekere pati m'pangano?

Loya wa ku Mzuzu: Akuluakulu, ndipempheko nzeru. Andipatsa ntchito yokonzekera msonkhano wa maloya: ndilembe chitsanzo cha pangano lomwe Malawi ndi Tanzania angasaine atagwirizana zotengera mkangano wa malire a nyanja ya Malawi kwa oweruza. Pondivuta ndi apa: ndilembemo chiyani kuti andale asamalowerere mlandu uli mkati?

Mphunzitsi wa malamulo, Zomba: Achimwene, yambani mwasiyanitsa unkhalapakati ndi kuweruza. Zomwe ankachita pa mkanganowu a Chissano, a Mbeki ndi a Mogae, atsogoleri akale a Mozambique, South Africa ndi Botswana, zinali zoyanjanitsa chabe, zosamanga aliyense. N'chifukwa chake mu 2013 boma lathu linatha kuopseza kuti lituluka m'zokambiranazo, podandaula kuti zikalata zake zikudontha kupita ku Tanzania. Pangano lanu linene mosapsatira kuti chigamulo n'chomaliza, ndipo mbali imodzi ikanyanyala mlandu upitirirabe.

Loya wa ku Mzuzu: Zikomo mayi. Nanga oweruza? Ndimaganiza dziko lililonse lisankhe mmodzi, awiriwo asankhe wapampando.

Mkulu wopuma pantchito: Pamenepo ndiye pali msampha, mwana wanga. Slovenia ndi Croatia anapereka malire awo kwa oweruza asanu, dziko lililonse lili ndi wakewake. Mu 2015 kunatuluka mawu ojambulidwa a woweruza wosankhidwa ndi Slovenia, Jernej Sekolec, akukambirana za mlanduwo pafoni ndi woimira boma lakelo. Croatia inachoka, ndipo chigamulo cha 2017 imachikanabe. Munthu amene mwamusankha nokha amakumbukira kwawo. Lembani kuti pasakhale nzika ya mayiko awiriwa, ndipo kalata iliyonse idutse kwa mlembi wa bwalo, mbali inayo ilandirenso kope. Nduna isakhale ndi nambala ya woweruza, olo yofunirana Khirisimasi yabwino.

Mphunzitsi wa malamulo, Zomba: Zoona bambo, koma ine ndimaopa kwambiri funso lenilenilo. Mukalemba kuti "agawe nyanja mwachilungamo", mwagonja musanayambe, poti Tanzania ikufuna mzere wapakati. Ife timaima pa pangano la Britain ndi Germany la pa 1 Julaye 1890, lomwe linaika malire m'gombe la kummawa. Botswana ndi Namibia, pa chilumba cha Kasikili/Sedudu, anauza khoti la dziko lonse la ku The Hague kuti ligamule potsata pangano lomweli la 1890 pamodzi ndi malamulo a pakati pa mayiko. Mu 1999 chilumba chinapita ku Botswana, Namibia n'kuvomera.

Loya wa ku Mzuzu: Koma Tanzania ingasaine funso lotere?

Mkulu wopuma pantchito: Mawu akuti "pamodzi ndi malamulo a pakati pa mayiko" ndi khomo lawo, asiyireni lotsegula. Kuwakokera ku The Hague simungathe, sanavomereze kuti khotilo lingawazenge popanda chilolezo chawo. Muonjezere ndime yoimitsa kupereka ziphaso zofufuza mafuta m'dera la mkanganolo mpaka chigamulo. Moto wa 2012 pa mkanganowu unabukira pa chiphaso chomwe Malawi inapatsa kampani yofufuza mafuta ya Surestream.

Loya wa ku Mzuzu: Ndalemba zonse. Ndime ya asodzi a ku Karonga ndi Kyela ndiyesa ndekha usiku uno, mawa mundiwonere.