Zowonjezera pa funso la nkholokolo yobisala

Bambo ena a ku Kasungu anafunsa chifukwa chake nkholokolo yomwe akuweta m'thanki, nsomba ya m'nyanja ya Malawi yotchedwa Synodontis njassae, simatuluka ndipo sioneka ikudya. Tinawalangiza kuika zidutswa za paipi ndi mphika wadothi wosweka m'thanki kuti ipeze pobisala. Tsopano akuti imatuluka usiku, koma mimba yaphwa ndipo ndevu zafupika.

Bambo, kubisala masana ndi chibadwa chake, musadandaule. Chodetsa nkhawa ndi mimbayo. Nsomba za mbuna zomwe muli nazo m'thankimo zimatha chakudya chisanafike pansi. Zimitsani nyali, dikirani theka la ola, kenako ponyani chakudya chomira pafupi ndi khomo la paipi, chochepa choti chithe usiku womwewo. Nyongolotsi zotsuka ndi kudula ndi zabwino kawiri pa sabata. Zotsala muzichotse m'mawa chifukwa zimaola.

Ndevu zimaperepeseka ndi timiyala takuthwa komanso zonyansa zodikha pansi. Ikani mchenga wosalala wotsuka bwino, ndipo sabata iliyonse sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi. A pampopi ayambe agona tsiku lathunthu m'ndowa yosavundikira kuti klorini achoke.

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi ku Kasungu kumaichotsa nkholokoloyo chilakolako cha chakudya. Madzi akhale pakati pa madigiri 24 ndi 27. Magetsi akathima, fundikani thanki ndi bulangete ndipo musaidyetse mpaka sefa yoyeretsa madzi itayambanso kugwira ntchito.

Posintha mchengawo musaigwire ndi kaukonde. Minga ya pa zipsepse zake imakola ndipo imabaya zala. Ikuseni ilowe m'chigubu chodula pakamwa.