Anyamata akukanika kusewera mbali ya mayi mu Life Skills

Madamu a ku Chipoka: Akuluakulu ndithandizeni. Std 7, mutu wa kuthetsa mikangano. Ndinawapatsa sewero loti mayi akuletsa mwana kupita kunyanja kukakoka nawo khoka tsiku la sukulu. Atsikana ukawapatsa mbali ya mwanayo amalankhula ngati ndi iyeyo ndithu. Koma mnyamata akakhala mayi, sipatha mphindi wayamba kale kuikira mwana kumbuyo, "Pita mwanawe, ubwereko ndi usipa." Kalasi yonse phwete, phunziro lathera pompo.

Sala a ku Khombedza: Chibadwa chimenecho madamu. Akazi amamva za anzawo, ife amuna n'zovutirapo.

Ahedi a ku Lifuwu: Pamenepo ndikana, sala. Mu 2001 ochita kafukufuku Klein ndi Hodges ku America anaonetsa anthu kanema wa munthu akufotokoza vuto lake, n'kuwauza kuti alote zomwe ankaganiza. Akazi anaposa amuna pokhapokha atayamba afunsidwa za chifundo chawo pa munthuyo. Atalonjeza ndalama kwa olota molondola, onse anachita bwino ndipo kusiyana kuja kunatha. Luso anyamatawo ali nalo, sakuona phindu lake basi. Musaiwalenso kuti mtsikana wa Std 7 wakhala akubereka mng'ono wake kuyambira kalekale, amasiyanitsa kulira kwa njala ndi kwa tulo.

Sala a ku Khombedza: Ndiye tiziwalipira ahedi? Malipiro ake atiwa?

Ahedi a ku Lifuwu: Mapointi pa bolodi akwana.

Madamu a ku Senga Bay: Vuto lalikulu n'lakuti wophunzira amafuna maganizo ake amveke kaye. Ine ndimamuuza alembe zake papepala, apinde, aike m'thumba, tidzawerenga pomaliza. Akatero mtima umakhala pansi. Kenako gulu limodzi lilembe mobisa zifukwa zitatu za mayi, linalo lilote. Cholondola chilichonse ndi pointi. Ndipo chonde mnyamatayo musamuveke chitenje, akangovala amasewerera anzake kuti aseke. Yambani ndi malume kapena mwini bwato, za mayi zibwere sabata yachiwiri.

Madamu a ku Chipoka: Chitenje ndiye amachita kulimbirana. Ndichichotsa Lolemba. Nanga magulu ndisakanize?

Madamu a ku Senga Bay: Poyamba ayi. Mukasakaniza atsikana ayankha zonse, anyamata n'kumangowomba m'manja.